Mmene mowa wowawasa unachokera m'manja mwa amayi ku Joni

Pakati pa Amalawi a kuno ku Joni pabuka kamkangano ka mowa wina umene wayamba kuoneka m'mabala apamwamba ndi m'mashopu a vinyo. Ambiri amene akutsutsana ndi anyamata athu operekera zakudya m'malesitilanti, poti iwo ndi amene amautsegulira makasitomala. Mowawu ndi wowawasa mwadala, wogonekedwa m'migolo yamatabwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo ndalama ya botolo limodzi mungagulire mabotolo angapo a Castle. Ena akuti ndi mowa wosasa, woyenera kutaya. Ena akuti ndi chibuku chomwe chija, angochisefa n'kuchithira m'botolo lokongola.

Oyambawo alakwa, ngakhale maganizo awo ali ndi kochokera. Kwawo kwa mowa wamtunduwu ndi ku Belgium, ku Brussels ndi madera ozungulira mtsinje wa Senne, kumene amautcha lambic. Ofulula sathiramo yisiti. Madzi a chimera cha balere ndi tirigu akawiritsidwa, amawasiya usiku wonse m'chibeseni chachikulu chosavundikira, nyengo yozizira, kuti yisiti wa mumpweya ndi mabakiteriya agweremo okha, kenako amawatsekera m'migolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zitatu. Fakitale ya Cantillon yakhala ikufulula chonchi kuyambira 1900. Mukaumwa, kuwawasa kwake kumafika m'mbali mwa lilime ngati bwemba, ndipo pamwamba pake pamamveka fungo la udzu wouma, chikopa, nthawi zina khola la ziweto. Fungo limeneli limabwera ndi yisiti wotchedwa Brettanomyces, amene wasayansi N. Hjelte Claussen anamufotokoza mu 1904 akugwira ntchito ku Carlsberg ya ku Denmark. Ku Carlsberg komweko n'kumene Emil Christian Hansen mu 1883 anapeza njira yopatulira yisiti wamtundu umodzi wokha, zimene zinathandiza kuti mowa wa m'botolo uzikoma chimodzimodzi tsiku lililonse popanda kuwawasa. Ife amene tinakula ndi Green, kuchokera pamene Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, tinazolowera kuti mowa wa m'botolo ukawawasa ndiye kuti wawonongeka.

Achiwiriwo ayandikira chilungamo. Chimene chimawawasitsa lambic ndi asidi yemweyo amene amawawasitsa masese kwathu ndi umqombothi kuno, wopangidwa ndi mabakiteriya a gulu limodzi ndi amene amasasitsa chambiko. Kusiyana kulipo ndithu: wa mapira umamwedwa ukadali kuwira, patangopita masiku ochepa, ndipo sugonekedwa m'mgolo zaka. Koma mkamwa mwa anthu akuda a mzinda uno kuwawasa kwa mowa si chachilendo. Chachilendo n'chakuti lero kukugulitsidwa mwaulemu, pamene kwa zaka zambiri kunali mlandu.

Johannesburg inabadwa ndi golide mu 1886, ndipo poyamba eni migodi sankadandaula kuti antchito akumwa, popeza ena mwa iwo anali ndi phindu pa malonda a zakumwa zaukali. Ataona kuti Lolemba amuna ambiri sakutsika mumgodi, anasintha maganizo, ndipo kuyambira 1897 boma la Transvaal, dera limene munali Johannesburg, linaletsa kugulitsa mowa wachizungu kwa anthu akuda. Migodi yokha inkapatsa antchito ake mowa wa mapira m'makomboni, mwa muyeso. Agogo athu amene anabwera pa Wenela anaumwa umenewo. Kunja kwa komboni, ludzu linkathetsedwa ndi amayi ofulula mobisa m'mayadi othinana a ku Doornfontein ndi kwina.

Za amayiwa timadziwa kudzera m'zolemba za mitundu iwiri. Zochuluka ndi za apolisi ndi za khonsolo, zimene zimawerenga migolo yolandidwa ndi anthu omangidwa, ndipo mwa izo mayi wofulula amaoneka ngati vuto basi. Zinazo ndi kafukufuku wa Ellen Hellmann, wofufuza za chikhalidwe cha anthu, amene mu 1933 ndi 1934 ankapita kawirikawiri ku yadi yotchedwa Rooiyard n'kumacheza ndi amayi a kumeneko. Ineyo ndimakhulupirira kwambiri zake, ngakhale nayenso anali mlendo woyang'anira kunja. Iye anapeza kuti malipiro a bambo sankakwanira lendi ndi chakudya, ndipo mowa wa mayi ndi umene unkatseka mpatawo. Amayi ankakwirira zitini za mowa pansi, apolisi n'kumabwera ndi zitsulo zobayira nthaka. Apa pali mfundo imene malipoti a boma amailumpha: mowa weniweni wa mapira umafuna masiku angapo, kuviika, kusasitsa, kuphika, kuthira chimera, kusefa, ndipo fungo lake silibisika. Amayi ataona kuti akugwidwa mowa usanapse, ambiri anatembenukira ku mowa wachangu wa shuga ndi yisiti monga skokiaan. Akuluakulu a mzinda ankati mowa woopsawo ndi umene wawachititsa kukhwimitsa lamulo. Zolemba za Hellmann zikuonetsa kuti kukhwima kwa lamuloko kunathandiza kuubala. Mawu a amayi eniakewo sanasungidwe mokwanira, chifukwa palibe ofesi imene inkawafunsa.

Pamene nkhani inakhotera ndi mu 1938. Mzinda wa Durban unali utayamba kale, kutsatira lamulo la Natal la 1908, kufulula wokha mowa wa mapira n'kumaugulitsa m'mabiyaholo, phindu lake n'kumayendetsera malokeshoni a anthu akuda. Lamulo la 1923 linalola mizinda ina kutengera njirayi, koma Johannesburg inazengereza, mwa zina chifukwa cha amipingo ndi magulu odana ndi mowa. Lamulo la 1937 linaumiriza makhonsolo kusankha: kulola anthu kufulula pakhomo kapena khonsolo kutenga malondawo. Johannesburg inasankha kutenga, ndipo mu 1938 inatsegula biyaholo yake yoyamba. Kuyambira pamenepo mowa womwe uja, wa mapira omwewo ndi kuwawasa komweko, ukafululidwa ndi khonsolo unali wololedwa, ukafululidwa ndi mayi pakhomo n'kugulitsa unali mlandu. Oikira kumbuyo khonsolo amanena kuti ndalamazo zinamanga nyumba, zipatala zazing'ono ndi mabwalo amasewera, ndipo si bodza. Koma tanthauzo lake linali lakuti munthu wakuda azilipirira lokeshoni yake kudzera m'chikho, okhometsa msonkho achizungu asavutike, ndipo ndalama imene kale inkadutsa m'manja mwa mayi n'kukagula ufa tsopano inkapita ku ofesi.

Zaka zotsatira zinangokulitsa dongosololi. Asayansi a bungwe la boma la CSIR anayamba kufufuza mowa wa mapira m'ma 1950 kuti uzisasa mofanana m'mathanki akuluakulu. Mu 1959 amayi a ku Cato Manor ku Durban analowa m'mabiyaholo ndi ndodo, kuthamangitsa amuna ndi kutaya mowa. Mu 1962 anthu akuda analoledwa kugula mowa wa m'botolo, ndipo achinyamata anathamangira kumeneko, wa mapira n'kusanduka wa madala ndi wa pamwambo wa makolo. Mu June 1976 ana asukulu a ku Soweto ataukira, mabiyaholo ndi mabotolositolo anali m'gulu la nyumba zoyamba kutenthedwa, chifukwa anawo ankadziwa kumene malipiro a atate awo ankathera.

Mowa wa mafakitale ang'onoang'ono unayamba mochedwa m'dziko muno. Mitchell's ya ku Knysna inatsegulidwa mu 1983, ndipo enawo anachuluka cha m'ma 2010, wowawasa wa m'migolo n'kubwera pambuyo, potengera za ku Belgium ndi ku America. Dziko ili lili ndi mwayi wa migolo yakale ya vinyo ya ku Cape, kotero ofulula sasowa pogonekera. Ambiri mwa iwo pofotokoza mowa wawo amatchula Brussels, ndipo ndi ochepa amene amatchula mapira. Mmodzi mwa ochepawo ndi Apiwe Nxusani-Mawela, mayi woyamba wachikuda kukhazikitsa fakitale yaing'ono ya mowa m'dziko muno, amene mowa wake wa Tolokazi amaikamo mapira. Fakitale yakeyo inagwa m'mavuto a ngongole n'kutsekedwa boma litaletsa kugulitsa mowa nthawi ya Covid-19, chiletso chimene chinayamba pa 27 March 2020, ndipo anapitiriza kufulula pobwereka makina a mafakitale ena.