Sikuti pali mwamuna amene anamulembera

Ndatopa nalo bodza lakale lija loti mkazi wa ku Britain wosewera m'mafilimu ndi pa TV akatchedwanso mlembi wa masewero, ndiye kuti mwamuna wina anamulembera, iye n'kungoikapo dzina.

Ku England akazi anayamba kusewera pa siteji mu 1660, ndipo m'zaka za m'ma 1670 masewero olembedwa ndi akazi ankaonetsedwa kale mu London. Lero ena amalemba okha chifukwa mbali zabwino zoti akazi asewere zimachepa, makamaka akamakula.

Filimu ikatha musathamangire kuzimitsa, mayina odutsa aja amasiyanitsa wolemba ndi wosewera. Masewero ambiri a pa siteji amasindikizidwanso m'mabuku, dzina la mlembi lili pachikuto. Musanauze anzanu nkhani yotere, yambani mwaona pamenepo.