Umphawi wa ku Thyolo ndi Mulanje si ulesi

Ndatopa nawo mawu akuti anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amasauka chifukwa cha ulesi. Mayi wothyola tiyi, dengu lili kumsana kuyambira mbandakucha, mungamutche waulesi?

Nkhani yagona pa malo. M'zaka za m'ma 1890 azungu anatenga malo aakulu kumeneko, boma la atsamunda n'kuwapatsa zikalata za umwini. Okhala pa malowo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi pogwira thangata. Lamulo linathetsa thangata mu 1962, koma nthaka yambiri yachonde idakali ya maesiteti. Kamunda kamene agogo anatsala nako kagawidwa kwa ana, kenako adzukulu, moti chimanga chake sichifika ndi Disembala yemwe. Mwana amasiya sukulu n'kuyamba maganyu, wakenso adzayambira pomwepo.

Mukhoza kuona nokha. Tsegulani mapu pa foni, muyerekeze esiteti imodzi ndi timinda ta m'midzi yoyandikana nayo. Funsani akuluakulu amene anaona thangata, onaninso malipoti a kalembera pa kuchulukana kwa anthu m'maboma awiriwa. Uthenga wonyoza anthu a dera lina ukakufikani wopanda umboni, musautumize kwa anzanu.