Likulu linachoka, Zomba inatsala ndi chiyani?

Mvula ikavuta ndipo Likangala akasefukira, mkangano wa ku Zomba umakhala umodzimodzi. Ena amati anthu ndi osamva, akumanga m'mbali mwa mtsinje ndi kukwera nazo nyumba kuphiri. Omangawo amayankha kuti mapuloti ovomerezeka ali kuti, ndipo ngosatheka kuwagula. Poti mu 2025 panakwana zaka 50 chisamukire likulu kupita ku Lilongwe, ndaona kuti mkanganowu tiufufuze kumene unayambira.

Za atsamunda tidutsepo msanga. Harry Johnston anasankha Zomba kukhala likulu mu 1891, pamalo pomwe panali kale nyumba ya kazembe wa Britain yomangidwa ndi John Buchanan. Panali mphepo yabwino ya m'phiri ndi madzi a Mulunguzi. Koma tauniyi inakonzedwera akuluakulu a boma ochepa, asilikali ndi akaidi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, kenako ku Salima mu 1935, ndipo Zomba inailambalala. Malonda anali ku Blantyre ndi ku Limbe, mtunda wa makilomita oposa 60.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi pakati pa 1964 ndi 1968. Kamuzu Banda ankanena kuti ali m'ndende ku Gwelo (lero Gweru, ku Zimbabwe), komwe anamutsekera mu 1959, analota zinthu zitatu: likulu ku Lilongwe, yunivesite ku Zomba, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mboni ya malotowa ndi mwini wake yekha, ndiye aliyense aiyese yekha nkhaniyo. Chomwe chili poyera n'chakuti pofika 1965 boma linali litagamula, ndipo a Britain, omwe nthawi imeneyo ankathandizirabe bajeti ya dziko lino, anakana kuikapo ndalama. Iwo ankati dziko losauka lili ndi zofunika zina kuposa kumanga maofesi patchire.

Kamuzu sanabwerere m'mbuyo. Mu 1967 anapalana ubale ndi boma la tsankho la South Africa, chinthu chomwe atsogoleri anzake a mu Africa anaipidwa nacho, ndipo mu 1968 ngongole ya marandi 8 miliyoni inapezeka. Chaka chomwecho panakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu latsopano la Capital City Development Corporation, ndipo akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, anajambula pulani ya mzinda watsopanowo. Ma Area omwe timatchula lero, Capital Hill payokha, City Centre payokha, mafakitale ku Kanengo, mitengo ndi mipata pakati, anachokera m'maganizo a nthawi imeneyo.

Chifukwa chomwe boma linkapereka chinali chomveka: chuma chonse chinaunjikana kummwera, Lilongwe ili pakati pa dziko, pachigwa chachonde ndi malo otambalala, pomwe Zomba yapanikizika pansi pa phiri. Otsutsa, makamaka olemba a kunja ndi ena omwe anayamba kulankhula momasuka itatha 1994, amati mkuluyo ankakokera kwawo, poti anali wa ku Kasungu. Ine ndikaika ziwirizi pasikelo ndimapeza kuti zonse zikulemera. Munthu akaima pa Chinamwali n'kuyang'ana phiri kumbuyo kwake, amavomereza kuti mzinda wa anthu miliyoni sukanakwana pano. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 105,013 ku Zomba.

Chomwe chimandiwawa ndi china. Akatswiri, ndalama ndi bungwe lapadera zonse zinalunjika komwe likulu linkapita. Lilongwe inalandiranso njanji yochokera ku Salima mu 1979 ndi bwalo la ndege lalikulu mu 1983. Zomba inapatsidwa chipepeso: koleji ya Chancellor inasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga mu 1973. Zina zinangotsalira, monga nthambi ya kalembera, malo osindikizira a boma, nyumba yosungira zolembedwa zakale, Cobbe Barracks, ndende ndi chipatala cha amisala. Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994, aphungu n'kumabwera kudzakumana m'tauni yomwe maunduna anali ataithawa kale.

Chipepesocho ndiye chinadzaumba Zomba ya lero. Ophunzira atachuluka kuposa zipinda za pakoleji, anatsikira ku Chikanda, dera loyandikana ndi kolejiyo. Pitani m'mawa mukaone: mnyamata wanyamula laputopu m'chikwama, akudumpha ngalande pakanjira koti galimoto singadutse, kumbali mayi akukazinga mandasi, kuseri fundi akuwonjezera chipinda chachisanu pa nyumba yomwe inali ya zipinda ziwiri. Palibe Gerke kapena Viljoen anajambula zimenezo. Eni malo anaona lendi, n'kumanga. Ndipo sindingawadzudzule kwenikweni, poti ophunzirawo akanagona kuti?

Mapepala okha sanasowe. Mu 1987 kunatuluka pulani ya dziko lonse ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, mu 1988 lamulo la mapulani a matauni, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Zomba inakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, nthawi ya Bingu wa Mutharika, koma dzina silibwera ndi mapuloti kapena mipope ya zonyansa. Pansi pa masomphenya a Malawi 2063 boma linatchula malo asanu ndi atatu oti akhale mizinda yatsopano, ndipo pamndandandawo pali Liwonde, yomwe ili ndi njanji ndi mtsinje wa Shire, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pa depoti ya Zomba. Zomba palibepo, poti pamapepala ndi mzinda kale.