Mfuti yaikulu ikati zii, dzanja lithamangire kuti?

Ambiri amadabwa akaona msilikali kapena wapolisi wonyamula mfuti yaikulu atamanganso pisitolo m'chiuno. Si yokongoletsera ayi. Mfuti yaikulu imatha zipolopolo, nthawi zina imangokakamira, ndipo mdani akakhala pafupi, kusolola pisitolo kumachita changu kuposa kusintha magazini (kabokosi kokhalamo zipolopolo) kapena kufufuza chomwe chavuta.

Nkhani yagona pa mawu akuti pafupi. Alangizi ambiri amaika malire pa mamita pafupifupi 25. Kupitirira pamenepo, kulasa ndi pisitolo ya 9mm n'kovuta, makamaka mtima uli phaphapha, choncho nzeru ndi kubisala n'kukonza yaikuluyo. Pajatu magazini ya mfuti yaikulu ya 5.56mm imalowa zipolopolo 30, pomwe ya pisitolo ya Glock 17 imalowa 17 zokha, zochepanso mphamvu.

Ophunzira atsopano maso awo onse amakhala pa dzanja losolola pisitolo. Ine powaphunzitsa ndimayang'ana dzanja linalo. Kwa munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, lamanzere ndilo limatsitsa mfuti yaikulu n'kuikankhira kumbali ya kumanzere, kukamwa kwake kutaloza pansi, kutali ndi mapazi, kwinaku lamanja likupita m'chiuno. Manja onse amanyamuka nthawi imodzi. Wongoitaya mfutiyo kuti lamba aigwire yekha amaphunzira mowawa: lamba womangidwa pamalo amodzi amaisiya ilendewere kutsogolo, imamenya mawondo kapena malo obisika, ndipo mpope wake umakhala ukuotcha ngati wangowombera kumene. N'chifukwa chake ndimakonda lamba womangidwa pamalo awiri, ngakhale alipo anzanga amene sangagwirizane nane.

Mtundu wa mfuti nawonso uli ndi zake. Ya mtundu wa AR-15 ikatha zipolopolo, chitsulo chake chokankha chipolopolo chimaima kumbuyo, ndipo wozolowera amamva paphewa kuti zatha. AK-47 sichita zimenezo, mumangokoka trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) n'kumva kuti palibe kanthu. Komanso AR-15 ikakana kulira trigger itakokedwa kale, loko wake woletsa mfuti kulira sakhoma. Yesani kamodzi, akakana musalimbane naye.

Zonsezi timayamba ndi mfuti zopanda zipolopolo, pang'onopang'ono, mpaka manja atazolowera. Kenako mlangizi amabisa chipolopolo chabodza m'magazini kuti wophunzira asadziwe nthawi yomwe mfuti ikane. Apa m'pomwe ena amauma, n'kumangoiyang'ana mfutiyo.

Pomwe ndimakhala wankhanza ndi pobwezera pisitolo m'chikwama chake. Anthu amadziwombera mwendo pamenepa, chala chitaiwalika pa trigger, kapena malaya kaya lamba wa mfuti yaikulu atalowa m'chikwamamo n'kuikoka. Posolola fulumirani, koma pobwezera palibe akukuthamangitsani: chala kunja, maso pa chikwama, kenako mubwerere ku mfuti yaikulu mukaone chomwe chinaivuta.