Wodala Benedict Daswa ndi funso la "ndani wachita?"

Funso lomwe limabwerabwera pa limana kuno ku Joni ndi lakuti kodi Mkatolika angapite kwa sing'anga? Ndipo sizodabwitsa ayi, mukayenda ku Hillbrow kaya Yeoville mapepala a madokotala azitsamba amatidwa pa pholo iliyonse, ena mpaka kulemba kuti achokera ku Malawi, ndiye munthu ntchito yatha, mapepala sakutuluka, mwana akudwala kumudzi, mtima umayamba kukokera komweko.

Ine monga mphunzitsi wa katekisimu ndimayankha chonchi: Eklezia sakana mtengo. Muzu wochiza m'mimba ndi cholengedwa cha Mulungu, imwani. Chomwe Katekisimu wa Eklezia Katolika akukana pa nambala 2116 ndi 2117 ndi kuombeza, kuitana mizimu, zithumwa komanso kufuna mphamvu zobisika zolamulira anzathu, ngakhale cholinga chitakhala kuchiza. Deuteronomo 18:10-12 anaziletsa kalekale. Muzu wa lamuloli ndi lamulo loyamba lija pa malamulo khumi a Mulungu, mawa lathu lili m'manja mwa Mulungu, osati m'maula.

Koma chimene chimandiwawa ine kwambiri pa kuombeza ndi funso lomwe munthu amapita nalo. Sapita kukafunsa kuti ndikudwala chani, amakafunsa kuti ndani wandichita. Ndipo yankho silikhala mlendo, limakhala azakhali, agogo, kaya mnzako amene mumagawana naye renti ku Rosettenville.

Apa ndi pomwe Benedict Daswa amatiphunzitsa. Anali wa konkuno, m'mudzi wa Mbahe kufupi ndi Thohoyandou ku Limpopo, wobadwa 1946, wobatizidwa 1963, hedimasitala wa pulayimale ya Nweli, bambo wa ana 8. Mu Januwale 1990 mphenzi zinawotcha nyumba m'mudzimo, akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe R5 akapatse sing'anga kuti apeze mfiti. Daswa anakana. Anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kulipira ndalama yoti munthu wosalakwa alozedwe chala. Taganizani, R5 yokha, akanatha kungoponya nkukhala phee, ambirife tikanatero nkumati za m'mudzi sitilimbana nazo. Pa 2 Febuluwale 1990, tsiku lomwe pulezidenti wa nthawiyo F.W. de Klerk analengeza kuti ANC ndi yololedwanso, anthu anamutchingira msewu ndi mitengo, kumugenda, atathawira m'nyumba ina anamutulutsa nkumupha ndi chibonga. Anatchulidwa Wodala pa 13 Sepitembala 2015 ku Tshitanini, ndipo timamukumbukira pa 1 Febuluwale.

Wina asati izi nza Avenda. Ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi anaphedwa mtsikana atafa ndi mphenzi, nkhani yake yomweyomweyo, ndipo nthawi zambiri ndalama zokaombezera kumudzi zimachokera kwa ife tomwe tili kuno, timatumiza pa Mukuru tikangomva kuti "abale agwirizana". Ndalama yako ikakaloza chala mayi wokalamba, nawenso uli momwemo ngakhale unali ku Turffontein tsiku limenelo.

Werengani Yohane 9. Ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafunsa Ambuye Yesu kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu anati si iye si makolo ake, nkumuchiza basi. Sanalole kuti tsoka la munthuyo likhale mlandu wa wina. Sikuti Eklezia akuti satana kulibe, alipo, nchifukwa chake tili ndi mapemphero, masakramenti ndi ansembe, koma palibe pomwe anatipatsa ntchito yosaka mfiti.

Ndiye ngati munapitako kale kapena chithumwa chilipo m'chikwama, musathawe tchalitchi ndi manyazi, kaonaneni ndi bambo mfumu pa sakramenti la kulapa, mukanene mosabisa, chithumwacho mutaye. Foni ikabwera kuchokera kumudzi yoti tisonkhe za kwa sing'anga, yankhani mwaulemu kuti ya kuchipatala ndi ya chakudya mutumiza lero lomwe, koma yokaombezera ayi.