Makina azitsata wovina

Ife amene timayendetsa magetsi ndi zithunzi pa siteji tili ndi funso limene timakangana nalo pa sewero lililonse latsopano: atsogole ndani, munthu kapena kompyuta?

Kuphatikiza anthu amoyo ndi zithunzi zoyenda sikunayambe lero. Mu 1958, pa chionetsero cha mayiko ku Brussels, Josef Svoboda ndi Alfréd Radok a ku Czechoslovakia anaonetsa Laterna Magika, ovina akusewera limodzi ndi filimu. Anthu anagoma nazo. Koma filimu simva, ikayamba yayamba. Wovina ankayenera kuponda malo ake pa nthawi yake yeniyeni, akaphonya pang'ono zonse zasokonekera.

Chasintha n'chakuti makina tsopano amaona. Kamera ya infrared (kuwala kumene maso a munthu saona) ikamangidwa kudenga imazindikira thupi ngakhale mumdima, kompyuta n'kuwerengera pamene pali mkono ndi phazi, projekita n'kuponya kuwala pomwepo. Gulu la Chunky Move la ku Melbourne linachita zimenezi mu 2006 pa gule wotchedwa Glow, mothandizana ndi katswiri wa makompyuta Frieder Weiss. Wovina mmodzi ankagubuduka pansi, mizere ya kuwala ikumuzinga kulikonse kumene walowera. Mu 2016 a Royal Shakespeare Company, gulu la zisudzo la ku England, anapita patali. Mu sewero la The Tempest, Mark Quartley, yemwe ankasewera mzimu wotchedwa Ariel, anavala chovala chokhala ndi timasensa, tizipangizo tozindikira mmene thupi likuyendera, ndipo akagwedezeka, chithunzi cha mzimuwo chinkagwedezeka naye anthu akupenya.

Vuto limene oonera salidziwa, koma ife limatisowetsa tulo, ndi kuchedwa. Kamera imadya kanthawi kuti ijambule, kompyuta kanthawi kena, projekita kenanso. Tonseto tikaphatikizana, mkono umafika m'mwamba chithunzi chidakali m'njira. Woyamba kuzimva ndi wovina mwiniwake. Mosadziwa amayamba kudikira chithunzi, amachepetsa liwiro, amaopa kulumpha mwadzidzidzi, ndipo gule amazizira ngakhale siteji ikunyezimira. Zimandipweteka kuona katswiri akudzibweza chonchi. N'chifukwa chake ndimalolera kuchotsa zokongoletsa zolemetsa kompyuta kuti chithunzi chifulumire, chingakhale mzere umodzi woyera.

Ndiye pali magalasi a VR, amene woonera amavala n'kupezeka m'kati mwa gulemo. Gilles Jobin wa ku Geneva anatulutsa VR_I mu 2017: anthu asanu nthawi imodzi, aliyense atabereka kompyuta kumsana, akuyenda pakati pa ovina ena aatali kuposa nyumba, ena ang'onoang'ono kwambiri. Apa kuchedwa kumaopsa kwambiri. Opanga magalasiwa amayesetsa kuti chithunzi chitsate mutu pasanathe mamilisekondi 20 (gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi), chifukwa chikachedwa munthu amachita chizungulire ndi nseru. Wokonza gule nayenso amataya mphamvu ina imene anali nayo. M'holo amadziwa kumene maso onse ali, pamene muno woonera akhoza kutembenuka n'kumayang'ana kwina pa nthawi imene chofunika chikuchitika kumbuyo kwake. Amayenera kumukopa ndi phokoso kapena kuwala.

Amene mukufuna kuyesa zimenezi, muitaneni wa makompyuta tsiku loyamba la zoyeserera, osati sabata yomaliza gule atapangidwa kale. Aone mmene ovina amapumira, adziwe pamene amakonda kufulumira. Ndipo usiku wa sewero pakhale kompyuta yachiwiri ikuyenda limodzi ndi yoyamba, yokonzeka kulowa m'malo inayo ikazima.