Umuna wokhuthala si umboni woti bambo amabereka

"Ine ndilibe vuto, umuna wanga ndi wambiri komanso wokhuthala. Ayezeni mayiwa." Mawu amenewa amamveka kawirikawiri m'chipinda choonera odwala moti afika potopetsa. Amene amawanena ndi bambo woti wakhala pabanja zaka 3 kapena 4 popanda mwana, ndipo amalankhula motsimikiza chifukwa akuti anadzionera yekha. Koma abambo, chimene mumaonacho si mbewu. Mbewu siioneka ndi maso, imaoneka pa maikulosikopu basi.

Umuna ndi madzi osakanikirana ochokera m'malo angapo. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu amachokera m'timatumba tiwiri tokhala kuseri kwa chikhodzodzo, totchedwa seminal vesicles. Madzi a m'menemo ali ndi shuga amene mbewu zimadya paulendo wake, ndipo ndi amene amachititsa kuti umuna ugwirane n'kumananda ukangotuluka. Gawo lina, pafupifupi kotala, limachokera ku prostate, chithokomiro chokhala pansi pa chikhodzodzo chimene njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Madzi a prostate ndi amene amasungunula kugwirana kuja pakapita mphindi 15 mpaka 30. Mbewu zenizenizo, kuphatikizapo timadzi tochokera kumachende, sizipitirira magawo 5 pa 100 alionse. Choncho bambo wonyadira kukhuthala akutamanda ntchito ya timatumba tija, pomwe za machende ake sakudziwa kanthu.

Wosakhulupirira aganizire za abambo amene anatseketsa mwa opaleshoni ya vasectomy. Dokotala amangodula timachubu tiwiri tonyamula mbewu. Chida chimadzukabe, umuna umatulukabe wooneka monga kale, ngakhale mkazi wake sangasiyanitse. Koma pakatha miyezi pafupifupi itatu nthawi zambiri mumakhala mulibe mbewu ngakhale imodzi.

Mbewu zimapangidwa m'timachubu topindapinda todzaza m'kati mwa machende. Ntchitoyi imafuna malo ozizirirako, madigiri 2 kapena 3 kutsika kuchokera pa kutentha kwa thupi, n'chifukwa chake machende ali panja, m'thumba limene limakwinyika kukazizira n'kulendewera kukatentha. Kuti mbewu imodzi ipangike pamatenga masiku pafupifupi 70. Ikatero imalowa mu epididymis, kachubu kopyapyala kwambiri kokulungidwa kuseri kwa tchende lililonse, koti mutakatambasula kangatalike mamita 6. M'menemo ndi momwe mbewu imakhwimira n'kuyamba kutha kusambira, ndipo imatha kukhalamo mpaka masabata awiri. Kenaka imalowa mu vas deferens, chubu chokwera kudzera mphechepeche, kuzungulira chikhodzodzo, n'kukakumana ndi madzi ena aja m'kati mwa prostate. Ulendo wonsewu ndi wa miyezi itatu. Munthu amene anadwala n'kutentha thupi kwambiri mwezi watha, mbewu zake lero zikhoza kuchepa, ndipo zidzabwerera mwakale zokha.

Kachubu ka epididymis kaja ndi kamene ndikufuna tikhalepo, chifukwa mabanja ambiri amaonongekera pamenepo popanda wodziwa. Zimayamba chonchi. Mnyamata watenga chinzonono, akutuluka mafinya, pokodza akumva kuwotcha. Manyazi amugwira, sapita kuchipatala. Agula makapisozi anayi kapena asanu kwa munthu wosadziwa n'komwe dzina la matendawo, amwa, mafinya aleka. Iye ayesa wachira. Tizilombo tija sitinafe, tangobwerera m'kati, ndipo timakwera njira yomweyo imene mbewu zimatsikira mpaka kukafika ku epididymis. Tchende limatupa, kuwawa sabata imodzi, kenaka n'kuphwa. Kachubu kopyapyala chotero kakatupa n'kupola kamasiya chipsera, ndipo chipseracho chimatseka njira. Zikachitika mbali zonse ziwiri, mbewu zilibenso potulukira. Chlamydia, nthenda inanso yopatsirana pogonana, ndiye woipa kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa nthawi zambiri satulutsa ngakhale mafinya oti munthu adzidzimuke.

Chopweteka n'chakuti bamboyu saona kusintha kulikonse. Machende akupangabe testosterone (homoni ya chimuna), ndevu zikumera, mawu ndi abesi, chilakolako chilipo, umuna ukutuluka wokhuthala. Patapita zaka 10 ndi mkazi wake amene akuzungulira m'zipatala, kuyezedwa magazi, kujambulidwa, kunyozedwa. Nthawi zina matenda omwewo anamupatsira mkaziyo, iyenso machubu ake n'kutsekeka. Bambo amusiya, akwatira wina, kumenekonso kuli zii. Zonsezi zikanapeweka ndi jekeseni imodzi ya ceftriaxone ndi mapiritsi a doxycycline a masiku 7, kapena a masiku 10 mpaka 14 ngati tchende linali litatupa kale, bwenzi wogonana nayeyo atalandiranso chithandizo nthawi yomweyo. Mankhwala ambiri akale a chinzonono anasiya kugwira chifukwa tizilombo tinawazolowera, ndiye makapisozi ogula mwachisawawa amangophimba matenda.

Pamenepa ndi pamene ogulitsa mabotolo "owonjezera umuna" amapezerapo msika. Tinene mosapita m'mbali: palibe chakumwa chimene chingatsegule chipsera m'kachubu. Ena mwa mankhwala otchedwa achilengedwewa amapezeka kuti anathiramo sildenafil mobisa. Ameneyu amathandiza chida kudzuka, za mbewu sakhudzako, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a mtima a gulu la nitrates akhoza kugwetsa kuthamanga kwa magazi mpaka kupha. Oipitsitsa ndi majekeseni a testosterone. Machende amagwira ntchito molamulidwa ndi chithokomiro cha pituitary pansi pa ubongo, chimene chimatumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH. Ubongo ukaona kuti testosterone wadzaza m'magazi kuchokera kunja, umasiya kutumiza mahomoniwo. Machende amaima, amafota, mbewu zimatsika mpaka kutheratu. Munthu amadzibaya kuti abereke pomwe akudzitseka yekha, ndipo atasiya zimatenga miyezi yambiri, kwa ena kupitirira chaka, kuti mbewu zibwerere.

Zifukwa zina zilipo. Mwa amuna 100, pafupifupi 15 ali ndi varicocele, mitsempha ya magazi yotupa pamwamba pa tchende, makamaka lakumanzere, yomveka ngati nyongolotsi zili m'thumba munthu akaimirira. Magazi odikha m'menemo amatenthetsa tchende, ndipo kwa ena opaleshoni imathandiza. Matsagwidi akagwira munthu atatha msinkhu amatha kutsikira kumachende. Shuga wa nthawi yaitali amaononga minyewa yotseka khomo la chikhodzodzo, umuna n'kumabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka. Mwana wamwamuna amene tchende lake silinatsike m'thumba pofika miyezi 6 ayenera kuonedwa ndi dokotala, ndipo opaleshoni yake ichitike asanapitirire miyezi 18. Kudikira kuti litsika lokha akakula n'kuliphika m'mimba.

Ndipo makolo a anyamata, mverani ichi. Mnyamata akadzuka usiku ndi ululu woopsa wadzidzidzi kutchende limodzi, mwina n'kumasanza, tchendelo litakwera m'mwamba, musamupatse panado n'kudikira kuche. Kawirikawiri limakhala kuti lapotokola pa chingwe chake ndipo magazi sakufikako. Likamasulidwa ndi opaleshoni maola 6 asanathe, nthawi zambiri limapulumuka. Likagona tsiku lathunthu, kawirikawiri dokotala amangolichotsa litafa.

Banja likatha miyezi 12 likugonana mosadziteteza popanda pathupi, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, onse awiri ayezedwe. Pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudza mwamuna, ndipo kuyeza kwa mwamuna ndi kosavuta, kopanda singano, kuyerekeza ndi zimene mayi amadutsamo. Ndiye n'chifukwa chiyani kumakhala komalizira?

Poyeza, bambo akhale masiku 2 mpaka 7 osatulutsa umuna. Atulutsire m'kabotolo koyera kochokera ku labotale, osati mu kondomu wamba chifukwa mafuta ake amaononga mbewu. Madontho oyambirira asatayike, pakuti mbewu zambiri zimatuluka ndi amenewo, ndipo akatayika auzeni a ku labotale m'malo mobisa. Kabotoloko kafike ola limodzi lisanathe, kali m'thumba la malaya pafupi ndi thupi, osati padzuwa kapena mu furiji. Malinga ndi miyezo imene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2021, malire apansi ndi umuna wokwana mamililita 1.4, mbewu 16 miliyoni pa mililita iliyonse kapena 39 miliyoni zonse pamodzi, zoyenda 42 pa 100 zilizonse, ndipo zooneka bwino 4 pa 100. Inde, 4 zokha, chifukwa ngakhale kwa bambo wa ana ambiri mbewu zochuluka zimakhala zopunduka. Zotsatira zikatuluka zotsika kamodzi sitigamula, timabwerezanso pakatha miyezi itatu. Zikapezeka kawiri konse kuti mulibe mbewu, timayeza FSH m'magazi ndi kukula kwa machende. FSH ikakhala yabwinobwino, machende ali a msinkhu wake, nthawi zambiri ndiye kuti mbewu zikupangidwa koma njira yatsekeka, ndipo madokotala a opaleshoni amatha kulumikizanso kachubuko kapena kutenga mbewu kutchende komweko.